Kujambula zinthu zikuwola pang'onopang'ono ku Chigwa cha Shire: mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene amabwerabwera kuchokera kwa achinyamata, aphunzitsi ndi alimi a ku Chikwawa ndi ku Nsanje akaona kanema wa chipatso chikuwola m'masekondi ochepa. Tayamba ndi osavuta, ovutirapo ali kumunsi.

Kodi time-lapse n'chiyani?

Kanema aliyense amene mumaonera ndi zithunzi zoima zondondozana, zikudutsa mofulumira moti diso silitha kuzilekanitsa. Pa sekondi imodzi pamadutsa zithunzi 24, 25 kapena 30. Mukamajambula ukwati kapena mpira, kamera imatola zithunzi 25 pa sekondi n'kudzazionetsanso 25 pa sekondi, ndiye zinthu zimayenda monga zinkayendera tsikulo. Mu time-lapse kamera imatola chithunzi chimodzi, n'kukhala chete mwina mphindi 20, n'kutolanso china, usana ndi usiku. Podzazionetsa timazithamangitsa pa liwiro lomwe lija la 25 pa sekondi. Zikatero sekondi imodzi ya kanema imanyamula maola 8 ndi mphindi 20, ndipo mango amene anatenga masiku 10 kuti awole amawolera m'maso mwanu pasanathe theka la mphindi.

Lusoli si la lero. Mu 1910 F. Percy Smith wa ku London ankajambula kale maluwa akumasula mwa njira imeneyi. Mu 2011 BBC inamanga chipinda cha magalasi ku Edinburgh Zoo, ku Scotland, n'kuikamo nyama, zipatso ndi zakudya zina, n'kuzisiya masabata 8 makamera akujambula. Chasintha n'choti lero foni yakale imene ili m'dirowa mwanu ikhoza kugwira ntchito yomweyo.

Bwanji osangojambula kanema wamba n'kudzamuthamangitsa pambuyo pake?

Kwa chinthu cha ola limodzi, monga mitambo ikusonkhana pamwamba pa mapiri a ku Thyolo, mutha kutero. Kwa masiku 10 n'zosatheka. Foni ingatole zithunzi zoposa 21 miliyoni pamene inu mukufunapo 720 zokha, memore ingadzaze tsiku loyamba lomwelo, ndipo foniyo ingatenthe mpaka kuzima.

Chowola chili ndi chiyani choti munthu n'kutayirapo nthawi?

Funsoli limabwera ndi kaseko, ndipo palibe cholakwika. Tonse timadziwa chipatso chabwino ndi chowola. Zimene zimachitika pakati ndi zimene sitiziona, chifukwa palibe amene amakhala pansi kuyang'anira dengu masiku 10.

Tengani mango akupsa a mu Disembala. Masiku oyambirira palibe chooneka kupatula khungu kuzilala. Kenaka timadontho takuda tija timayamba kukula. Imeneyo ndi nthenda ya anthracnose, yobwera ndi chuku chotchedwa Colletotrichum, chimene chimalowa chipatso chikadali chachiwisi pamtengo n'kudikira kuti chipse. Madonthowo amakumana n'kukhala chigamba chimodzi, khungu limalowa m'kati, madzi amayamba kutuluka cha kunsi kumene chipatso chatsamira, tintchentche tating'ono timafika, ndipo pomaliza chipatso chonse chimakhwinyata n'kukakamira ku njere. Mu kanema mumaona bwinobwino kuti kuwolako kunayambira pati ndiponso kunayenda njira iti.

Pali phindu lake logwirika. Mayi wogulitsa tomato pa Dyeratu kapena pa Nchalo akaona tomato wofinyika ndi wosafinyika ali pamodzi mu kanema, wina akusungunuka mnzake akadali gwa, safunanso kuuzidwa za kalongedzedwe. Mlimi akaona chimanga chosauma bwino chikumera chuku chobiriwira pamene chouma chili phee, nkhani ya aflatoxin, poizoni wochokera ku chuku cha Aspergillus flavus amene amawononga chiwindi, imasiya kukhala ya pawailesi. Aphunzitsi a sayansi nawo amapeza chophunzitsira chimene ana ajambula okha.

Ndikufunika kamera yodula?

Ayi. Foni ya Android yakale, ngakhale yosweka galasi lakutsogolo, ndi yokwanira bola kamera yakumbuyo ikugwira ndipo ikulandira moto. Ikanimo pulogalamu yotha kujambula mobwerezabwereza pa nthawi imene mwaiuza. Open Camera ndi yaulere ndipo imachita zimenezi. Time-lapse yobwera kale mu iPhone imadzisankhira yokha mpata wa zithunzi n'kukupatsani kanema wa masekondi 20 mpaka 40, ndiye ndi yabwino pa dzuwa likulowa, osati pa ntchito ya masabata. Amene ali ndi kamera zazikulu za Canon kapena Nikon amagwiritsa ntchito intervalometer, kachipangizo kolamula kamera nthawi yojambula, ndipo m'kamera zina kamabwera kali m'kati.

Musagwiritse ntchito foni yanu ya tsiku ndi tsiku. Wina akangoimba inu n'kuinyamula, ntchito yonse yapita.

Kunena zoona, kamera ndi gawo laling'ono pa ntchitoyi. Chovuta n'kuonetsetsa kuti kuwala, malo a kamera ndi moto wa foni zisasinthe mpaka kumapeto, kuti chosintha chikhale chowolacho basi. Mafunso ambiri otsatirawa akuzungulira pomwepo.

Ndiyambe ndi chiyani?

Yambani ndi chofulumira komanso chosanunkha kwambiri. Buledi wonyowetsedwa pang'ono kapena mkute zimamera chuku m'masiku ochepa. Pa buledi mumaona timaulusi toyera tikuyanga, kenaka timitu takuda pamwamba pake, chimenecho ndi chuku cha Rhizopus. Tomato, nthochi, papaya ndi mango zimafuna sabata imodzi kapena awiri. Tsamba la nkhwani limafota tsiku limodzi. Namasupuni wovuulidwa mu Shire n'kuponyedwa pamtunda amaonekanso bwino, kuchoka pa kubiriwira kwake kuja mpaka kusanduka zinyalala.

Masau ndi malambe musavutike nazo, zimangouma. Nsomba, kaya ndi mlamba kaya mphende, idikire kaye mpaka mutazolowera. Onani funso la fungo ndi matenda. Thabwa lodyedwa ndi chiswe n'losangalatsa koma chiswe chimagwira ntchito mobisa, ndiye chimene mudzaone ndi dothi likukwera pathabwapo, osati chiswecho.

Zithunzi zizitalikirana bwanji?

Yambirani kumapeto. Mukufuna kanema wautali bwanji? Masekondi 30 pa zithunzi 25 pa sekondi ndi zithunzi 750. Tsopano gawani nthawi yonse ya ntchito ndi 750. Masiku 10 ndi mphindi 14,400, ndipo mukagawa mupeza mphindi 19 ndi kanthu, ndiye mungoti mphindi 20. Zimenezo ndi zithunzi 72 pa tsiku, 720 pa masiku onsewo, kanema wa masekondi pafupifupi 29.

Tsamba lofota tsiku limodzi likufuna chithunzi pa mphindi ziwiri zilizonse. Chinthu cha mwezi wathunthu, chithunzi pa ola lililonse. Ngati mukukayika, jambulani pafupipafupi. Zithunzi zochuluka mutha kudzachotsako, koma zimene simunajambule palibe kozitenga. Za memore musade nazo nkhawa: chithunzi chilichonse cha kanema wooneka bwino, wa 1080p, ndi cha mamegapikiselo awiri okha, choncho mukaika kamera pa mamegapikiselo 5 mwakwanitsa, ndipo zithunzi 720 zotere sizifika magigabayiti awiri.

Kanema wanga akuphethiraphethira. Chalakwika n'chiyani?

Kuwala. Ili ndiye vuto limene limagwetsa ulesi anthu ambiri. Mukajambulira pakhonde kapena pafupi ndi zenera, chithunzi cha m'mawa, cha masana ndi cha madzulo zimasiyana kuwala ndi mtundu, mtambo ukadutsa chimasiyananso, usiku n'kungokhala bii. Zikathamangitsidwa, maso a woonera amatopa ndi kuthwanimako osaona n'komwe kuwola.

Tsekerani dzuwa kunja. Pezani katoni yaikulu kapena chipinda chotseka mazenera, muikemo babu limodzi la LED loyaka usana ndi usiku. Babulo likhale cha pambali osati kutsogolo, kuti makwinya ndi timaulusi ta chuku tioneke. Mababu akale otentha aja amaumitsa chinthucho, asiyeni. Kumbuyo ikani nsalu kapena pepala la mtundu umodzi.

Chachiwiri, foni isamadzisankhire yokha. Mangani zinthu zitatu zisasinthe: exposure (kuchuluka kwa kuwala kumene kamera ikutola), white balance (kaonekedwe ka mitundu) ndi focus (pamene diso la kamera lalunjika kuti paoneke bwino). Mukazisiya pa auto, mango akayamba kuda foni imaganiza kuti kwada n'kuwonjezera kuwala, ndiye nsalu yakumbuyo ija imayamba kusinthasintha. Focus nayo imasakasaka chinthucho chikamafwapa. Flash izimitsidwe.

Nanga kuti kamera isasunthe?

Tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, ndi yabwino ngati ilipo, koma ndi yosavuta kuipunthwa. Njira yodalirika n'kumangirira foni ndi mbale pa thabwa limodzi lolemera, foni ndi mphira kapena tepi, mbale ndi timisomali m'mbali mwake. Thabwalo likagwedezeka, zonse zimagwedezeka limodzi ndipo mu kanema simuoneka kanthu. Chingwe cha chaja nacho chimangidwe, chifukwa ndi chimene ana amakoka.

Adani ena ndi a pakhomo pomwepo: makoswe, nkhuku, mbuzi, mphemvu. Nyerere zimatha kusamutsa mkute wonse usiku umodzi. Ngati simukuzifuna, miyendo ya tebulo iime m'zitini za madzi. Ngati mukuzifuna zisiyeni, nazo ndi mbali ya kuwola, koma dziwani kuti pa mpata wa mphindi 20 sizioneka zikuyenda, mudzangoona chakudya chikuchepa.

Kutentha kwa kuno sikuwononga foni? Nanga magetsi akathima?

Kumawononga. Apple imalangiza kuti iPhone isagwiritsidwe ntchito pa kutentha kopitirira madigiri 35, ndipo mafoni ena sasiyana kwenikweni. Ku Ngabu, ku Nchalo ndi ku Nsanje, mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumadutsa madigiri 40 pamthunzi, ndiye ganizirani m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana. Foni ili pa chaja, kamera ili yotsegula, m'katoni yotseka: imeneyo izima yokha, kapena batire lifufuma.

Ikani zonse pansi, m'chipinda chozizirako, ndipo nyumba ya udzu imaposa ya malata. Foni ikhale kunja kwa katoni, diso lake lokha lisuzumire pa bowo. Ivuleni chikuto, muiike pa airplane mode, kuwala kwa sikirini kukhale kotsikitsitsa. Tsiku lililonse muziyang'ana kumbuyo kwake osaikhudza kwambiri. Mukaona pakutukumuka, zimitsani pompo, chifukwa batire lofufuma limatha kuyaka.

Za magetsi, musadalire a pakhoma okha. Foni ilumikizidwe ku power bank kapena ku batire la sola, ndipo babu lija likhalenso komweko, apo ayi mudzakhala ndi zithunzi zakuda za maola onse amene magetsi anathima. Yesani kaye power bank yanu tsiku lathunthu musanayambe. Ambiri amadzizimitsa foni ikadzaza ndipo sayambiranso mpaka munthu adine batani.

Ndinaika tomato koma wangouma, sanawole. Chifukwa chiyani?

Anthu amaganiza kuti poti kuchigwa n'kotentha, chilichonse chiwola msanga. Si nthawi zonse. Kuwola ndi ntchito ya zamoyo, mabakiteriya, chuku ndi mphutsi, ndipo zonsezi zimafuna chinyezi. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, mpweya wa kuno ndi wotentha komanso wouma, moti umachotsa madzi m'chipatso chuku chisanakhazikike. Ndi nzeru yomwe ija imene amayi amagwiritsa ntchito pofutsa ndiwo kapena poyanika nsomba. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Marichi, kutentha ndi chinyezi zimakumana ndipo zinthu zimawola mothamanga. Mu Juni ndi Julaye zimachedwerapo. Ndiye masiku amene tatchula m'mwambamu ndi ongoyerekeza. Nyengo ndi imene imalamula.

Ngati mukufuna kuwola m'chilimwe, vundikirani chinthucho m'chidebe choonekera m'kati, muikemo kachivindikiro ka madzi kapena kansalu konyowa. Boolani timabowo tingapo pamwamba, apo ayi nthunzi iphimba mbali yojambulirayo. Galasi lophwatalala limaposa botolo lozungulira, lomwe limapotoza chithunzi. Komanso musanyoze kuuma. Tomato akamakhwinyata pang'onopang'ono amapereka kanema wabwino ndithu, kungoti ndi nkhani ina.

Fungo, ntchentche ndi matenda bwanji?

Nyama ndi nsomba sizijambulidwa m'nyumba yogona kapena pafupi ndi kukhitchini. Ntchentche zobiriwira zija zimafika nthawi yomweyo, ndipo kukatentha mazira ake amaswa tsiku lisanathe. Mphutsi zimachita ntchito yodabwitsa mu kanema, koma zikakhuta zimachoka kukasaka dothi, ndiye mbale ikhale pa mchenga, kutali ndi anansi.

Chuku musachinunkhize kapena kuchipemerera. Fumbi lake ndi loopsa kwa odwala mphumu, odwala chifuwa chachikulu ndi amene chitetezo cha m'thupi chatsika. Potaya, phimbani mphuno ndi pakamwa, kwirirani m'dzenje, sambani m'manja ndi sopo. Chimanga kapena mtedza wa chuku usaperekedwe kwa nkhuku kapena ziweto zina.

Chiweto chofa chokha, chimene simukudziwa chachipha, si chojambula. Mu 2018 mvuu zambiri zinafa ndi anthrax ku Liwonde, mumtsinje wa Shire womwewu, ndipo nthendayi imagwiranso anthu. Mukapeza ng'ombe kapena mbuzi yafa mwadzidzidzi, uzani alangizi a ziweto.

Ndikufuna kujambula nyumba ikugwa, chitsulo chikuchita dzimbiri kapena gombe la mtsinje likugumuka. Foni ingakhale panja chaka chonse?

Singakhale, ndipo sikufunika. Pa zinthu za miyezi ndi zaka, chokhala pamalopo si foni koma chizindikiro. Inu mumabwera, kujambula, n'kubwerera ndi foni yanu.

Zikani paipi yachitsulo ndi simenti, pamwamba pake pakhale kathabwa kokhala ndi ngodya yolowetsamo foni mofanana ulendo uliwonse. Mtengo musazike, chiswe chiudya. Samalaninso ndi dothi la makande, lofala cha ku Ngabu: likanyowa limafufuma, likauma limang'ambika ming'alu yolowa dzanja, ndipo chozikidwa mosazama chimapendekeka pofika chilimwe. Ngati pali khonde la simenti kapena chipupa cholimba, tsamirani pamenepo. M'chithunzimo mukhale chinthu chosasuntha, monga mlambe kapena nsonga ya phiri, chodzalinganizira zithunzi pa kompyuta. Jambulani ola limodzimodzi tsiku lililonse, makamaka m'mawa dzuwa lisanakwere, pamene mithunzi sinayambe kulimba. Chithunzi chimodzi pa tsiku kwa chaka ndi zithunzi 365, masekondi pafupifupi 15. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ambiri amalekera pa mwezi wachiwiri.

Zojambula zilipo zambiri kuno, mwina kuposa kwina kulikonse m'Malawi. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, namondwe Idai mu 2019, Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anasiya nyumba za zidina zimene zikusungunukabe mvula iliyonse. Nyumba yotere imayambira kunsi: chinyezi chimakwera m'chipupa, dothi limayoyoka m'mphepete mwa maziko, mng'alu umatsika kuchokera pangodya ya zenera, kenaka tsiku lina chipupa chonse chagona. Pakati pa Bangula ndi Chiromo pali pamene madzi anadula njanji mu 1997. Ku Nsanje kuli doko limene Bingu wa Mutharika anatsegulira mu Okutobala 2010 koma silinagwire ntchito yake. Ndipo Shire, Ruo ndi Mwanza chaka chilichonse amadya madimba a anthu. Ku mbali yanga, gombe la mtsinje ndilo loyenera kwambiri khama lotere, chifukwa mudzi ukamauza akuluakulu kuti mtsinje ukuyandikira, zithunzi zojambulidwa pa malo amodzi zimakhala umboni wovuta kuutsutsa. Ndi njira yofananako ndi imene James Balog, wojambula zithunzi wa ku America, anayamba mu 2007, yoika makamera pa madzi oundana a ku Greenland, Iceland ndi Alaska. Amene ali ndi intaneti ayang'anenso Google Earth Timelapse, yomwe imaonetsa zithunzi za setilaiti kuyambira 1984. Mutha kuona Shire akusintha njira m'dambo la Elephant Marsh.

Paipi yanu ikhale patali ndi m'mphepete. Gombe limadyeka kunsi pamwamba pakuoneka bwinobwino, ndipo m'madzimo muli ng'ona.

Ndiyenera kupempha chilolezo?

Pa tomato wanu m'katoni yanu, ayi. Pa china chilichonse cha kunja, inde. Nyumba yogwa ija ili ndi mwini wake, ndipo mwina munafera munthu. Yambani mwapita kwa a nyakwawa, mupereke moni mwaulemu, mufotokoze mosabisa: "Gogo, tabwera kudzapempha. Tikufuna tizijambula gombe la kudimba kuja m'mawa uliwonse kuti tione mmene madzi akulidyera." Kenaka kaonaneni ndi eni malo, muwaonetse kanema wina womaliza kale kuti amvetse chimene mukupanga. Ntchito ikatha, iwo akhale oyamba kuonera.

Izi si ulemu chabe. Mlendo wozika chitsulo kumunda kwa eni, kapena wosunga zowola m'bokosi loyaka nyale usiku, anthu amamuganizira zina. Tonse tikukumbuka zimene mphekesera za anamapopa zinachita kuchigawo chakumwera mu 2017. Ngakhale pa ntchito ya pakhomo, ndi bwino anansi adziwe. Kumanda musayandikireko ndi kamera, chimodzimodzinso malo opatulika monga Khulubvi ku Nsanje. Malo a boma ndi a makampani ali ndi alonda ndi maofesi ake, ndipo ku Lengwe, Majete ndi Mwabvi kuli malamulo akeake a zojambula.

Zithunzi ndatola. Ndizilumikiza bwanji?

Choyamba zikopereni pa malo awiri musanakhudze chilichonse. Kenaka ziyang'aneni mofulumira, muchotse zakuda ndi zimene mukuoneka dzanja la munthu. Mapulogalamu ena a time-lapse amalumikiza okha. Apo ayi, pa kompyuta pali aulere monga Shotcut ndi ffmpeg amene amatenga zithunzi zondondozana manambala n'kupanga kanema pa liwiro limene mwasankha. Ngati zithunzi n'zochepa, monga za kamodzi pa sabata, tsitsani liwiro lifike 6 kapena 8 pa sekondi.

Lembani masiku pakona ya kanema, "Tsiku 1", "Tsiku 2", kuti woonera adziwe nthawi imene yadutsa. Pa zithunzi za gombe lembani deti lenileni. Potumiza pa WhatsApp, tumizani ngati document, chifukwa kanema wotumizidwa mwachizolowezi amafinyidwa ndipo timaulusi ta chuku timasowa.

Foni inazima usiku wonse. Ndiyambirenso?

Zimatengera pamene yazimira. Usiku umodzi pa mpata wa mphindi 20 ndi zithunzi 30 kapena kupitirirapo pang'ono, kuposa sekondi imodzi ya kanema. Ngati zachitika masiku oyambirira kapena omalizira, pamene zinthu zikuyenda pang'onopang'ono, palibe adzazindikire. Ngati zachitika pa masiku amene chuku chikuyanga kapena khungu likuphulika, kanema adzadumpha pamalo ofunika kwambiri, ndipo ndi bwino kugula tomato wina.

Poyatsanso foni musaichotse pathabwa. Yang'anani ngati exposure, white balance ndi focus zabwerera pa auto, chifukwa mafoni ambiri amatero akazima. N'chifukwa chake manambala ake muwalembe pa pepala tsiku loyamba n'kulimata pa katoni. Ngati foni yasuntha pang'ono, tsegulani chithunzi chomaliza, mulinganize ndi m'mphepete mwa mbale, ndipo chotsala mudzachikonza pa kompyuta podula m'mbali mwa zithunzi zonse mofanana.